Twisted Metal: Black kapena Carmageddon, mutenge iti?

Onsewa ndi magemu ophwanyana magalimoto koma sakoma mofanana ayi. Black inatuluka 2001 pa PlayStation 2 (PS2), madalaivala ake ndi ochokera m'chipatala cha amisala, kuli Sweet Tooth mutu ukuyaka moto ali m'galimoto ya ayisikilimu, mumangowomberana mamisayilo mumdima mpaka mutsale nokha. Imakoma zedi koma ndi yovuta, adani onse amakuunjikirani.

Carmageddon ya 1997 mumawina pomaliza mpikisano, pophwanya anzanu kapena pogunda anthu oyenda pansi, mbali imeneyo ineyo imandinyansa.

Kompyuta yakale yofooka: Carmageddon imayenda bwinobwino.
Awiri pa TV imodzi: Black.
Ana: onsewa asawaone.

Okonda nkhani zoopsa ndi mpikisano wa thukuta tengani Black, ofuna chisokonezo basi Carmageddon ikukwanani.