Besi yanga yotchipa ija patatha miyezi 14: zomwe ndakonza ndi zomwe zakanika

Abale oimba besi, papita miyezi 14 chifikireni besi yanga ija, ndiye ndati ndinene mmene zayendera, chifukwa sabata yoyamba munthu umangoyamikira zilizonse poti chinthu nchatsopano, zenizeni zimadzaoneka chikadutsa chilimwe chimodzi ndi dzinja limodzi. Kwa amene simunaione, ndi besi ya nsambo zinayi yopangidwa ku China, dzina lake losadziwika nkomwe, yokopera maonekedwe a Fender Precision koma ili ndi mapikapu (timaginito totola kulira kwa nsambo) awiri, ija amati PJ, pikapu ya P (ya mtundu wa Precision) pakati ndi ya J (ya mtundu wa Fender Jazz) kufupi ndi buriji, chitsulo chomwe nsambo zimamangidwapo pa thupi la besi. Anandigulira achimwene anga ku Johannesburg nkuitumiza pa basi itakulungidwa mu bulangete, mtengo wake sunafike ndi theka lomwe la Squier (besi yotsikirako mtengo ya a Fender) yatsopano. Ndimaimbira ku tchalitchi kwathu ku Area 25 Lamlungu lililonse, kuphatikiza ma practice awiri pa sabata ndi maukwati apo ndi apo, ndiye yagwira ntchito ndithu, sinangokhala pakona.

Tsiku lomwe inafika nsambo zinali mmwamba kwambiri moti pensulo imadutsa pansi pake pa fureti 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pa neki, khosi la besi, pomwe timadina nsambo) osakhudza kanthu. Ukaimba nyimbo ziwiri dzanja lamanzere limakhala latheratu. Anyamata a mu praise team anangoti akulu, iyi ndi nkhuni basi, bwezani. Zinandiwawa ndithu chifukwa ndimadziwa mmene achimwene anavutikira kuti aipeze, komanso ndikaigogoda osalumikiza ku ampu ndimamva kuti thabwalo likulira bwino, nsambo ya E imanjenjemeretsa thupi lonse la besi mpaka pamimba panga. Chomwe chinalipo nchoti kufakitale palibe anaikhalira pansi kuichuna, anangomanga mabawuti nkuiponya mu katoni, ndipo ndi pamenepo pomwe mabesi otchipa ambiri amasiyana ndi odula.

Ndiye choyamba chinali setup, ndiko kuchuna neki ndi kutalika kwa nsambo, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe besi inasinthiratu popanda kulipira ngakhale tambala. Mkati mwa neki muli chitsulo chotchedwa truss rod, chimalimbana ndi kukoka kwa nsambo kuti neki isapinde ngati uta. Kuyeza kwake nkosavuta, mumadina nsambo ya E pa fureti yoyamba ndi pa yomaliza nthawi imodzi, nkuyang'ana mpata wotsala pakati pa nsambo ndi fureti 7 kapena 8. Mpata wabwino ndi pafupifupi 0.3 mm, ine ndimayezera khadi la mayunitsi lokala kale, likamalowa mokhudza pang'ono ndiye kuti zili bwino. Yangayi makhadi atatu amalowa limodzi. Ndinamasula nsambo kaye, nkupotoza ndi Allen key kulowera kumanja kota yokha ya mzungulo, nkuchunanso, nkuisiya igone mpaka mawa. Ndinachita zimenezi masiku atatu. Chonde abale musapupulume apa, mukaona kuti yalimba osakakamiza, truss rod ikathyoka neki yonse yapita ndipo pa besi ya mtengo uwu ndiye kuti besi yatha.

Neki itawongoka ndinatsitsa ma saddle, tizitsulo tomwe nsambo zimatsamirapo pa buriji, koma anafika pansi penipeni nsambo zikadali mmwamba. Apa ndinamasula mabawuti anayi a neki aja, nkudula kachidutswa ka khadi lomwe lija, mulifupi ngati chikhadabo, nkukaika mkati mwa dzenje momwe neki imakhala, kumbali ya ku mapikapu. Kakhadi kamodzi basi, koma kanapendeketsa neki pang'ono moti ma saddle anapeza mpata wokwera ndi kutsika. Pano pa fureti 17 nsambo ya E ili pa 2.4 mm, ya G pa 2 mm, yomwe ndi miyezo imene a Fender amapereka pa mabesi awo, ndipo poti yangayi ndi yotalika chimodzimodzi, mainchesi 34 kuchoka pa nut (kachidutswa komwe nsambo zimatsamirapo chakumutu) kufika pa buriji, miyezoyo inagwira. Kenako intonation, ndiko kukonza kuti manoti a mmwamba asaphonye, mumachuna nsambo ndi tuner, nkudina pa fureti 12, ikakwera kuposa pomwe ikuyenera kukhala mumabweza saddle kumbuyo kutali ndi neki, ikatsika mumaisendeza kutsogolo. Kale ndikakwera mmwamba woimba kiyibodi amandiyang'ana, pano timagwirizana mpaka kumapeto.

Nsambo zomwe inabwera nazo zinachita dzimbiri pasanathe miyezi iwiri, manja anga amatuluka thukuta kwambiri makamaka ku tchalitchi kwathu kwa malata kopanda siling'i. Ndinaika za 45 mpaka 105 (manambala a kunenepa kwake) za nickel, ndipo kunena zoona kusintha komwe kunabwera ndi nsambo zokhazi kunaposa kwa pikapu yomwe ndinadzagula pambuyo pake. Poti nsambo za besi nzodula komanso sizipezeka paliponse, ndimazipukuta ndi kansalu kouma ndikangomaliza kuimba, ndipo kamodzi ndinaziwiritsa mu poto mphindi 15 nkuziumitsa bwinobwino, zinabwerera kulira koyera kwa masabata angapo. Kawiri sindingachite, zimafooka pomwe zinapindika pa buriji.

Kanthu kena kanandizunza mwezi wathunthu, nsambo ya A ndikaimenya osadina paliponse imachita zrrr, ndikadina fureti iliyonse phokosolo limatha. Ndimaganiza kuti ndi fureti yoyamba, ayi. Pa mutu wa besi wa mtundu wa Fender kachitsulo kozungulira kaja kamapanikiza D ndi G zokha, A imangodutsa payokha, ndiye mukaidula kwambiri nkuikulunga kamodzi kokha pa tuner (apa ndikunena kachitsulo kopotokolera nsambo ka kumutu) siitsamira mokwanira pa nut ndipo imavina mmenemo. Nditaika nsambo zatsopano ndinasiya yaitali nkuikulunga katatu kutsikira pansi, phokoso linatheratu.

Nyengo yathu ino nayo ili ndi zake. Mu October kutauma gwaa thabwa la neki linanyala, nsonga za mafureti zinatulukira mmbali moti ndikatsetsereka kuchoka pa fureti 3 kupita pa 10 zimandikanda, tsiku lina mpaka chala cholozera chinatuluka timagazi pakati pa nyimbo. Ndinamata selotepi ya pepala pa thabwa, nkuzipala imodzi imodzi ndi kafayilo kakang'ono, nkumalizira ndi sandpaper yosalala, ntchito ya masana onse a Loweruka. Mvula itayamba, mu January, thabwa linamwa chinyezi neki nkuwongoka mopitirira, mafureti oyambirira anayamba kuchita zrrr, ndinamasula truss rod kota imodzi zinatha. Ndiye ndaphunzira kuti pano pa Lilongwe besi iyi imafuna kuyendera neki kawiri pachaka, ndipo sindiisiyanso mu vestry pafupi ndi zenera.

Tsopano za magetsi ake, apa ndi pomwe opanga anapulumutsirapo ndalama moonekeratu. Mwezi wachinayi, pa ukwati, akwati akulowa kumene mu holo, besi inangoti zii. Jaki yolowetsamo kebulo inali itamasuka, nthawi zonse ndikamalowetsa imazungulira mkati mpaka waya unaduka. Ndinamaliza mwambowo nditagwiriziza kebulo ndi bondo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka chifukwa anthu aja anatikhulupirira pa tsiku lawo lalikulu. Lolemba lake ndinapita nayo kwa madala ena okonza mawailesi ndi maampu pa msika, titatsegula pulasitiki ya pamwamba ija tinapeza mawaya oonda ngati ulusi, ma pot (tizida totembenuza ta volume ndi tone) ang'onoang'ono a 500k, ndi utuchi wa kufakitale udakali mmenemo. Madalawo anagwedeza mutu nkuti mwana wanga, amene anawotcherera izi amathamangira kuweruka. Tinaika jaki ya Switchcraft ndi wochapo wa mano kuti isazungulirenso, ma pot akuluakulu a 250k omwe ndi amene amakhala mu Precision ndi Jazz zenizeni, ndi capacitor ya 0.047 pa tone. Kale tone imangokhala ngati switch, kuwala kapena mdima, pano ndikamatembenuza ndimamva ikutsika pang'onopang'ono ndipo pa nyimbo za reggae ndimaiika pakati penipeni.

Tili pomwepo tinapezanso gwero la phokoso lomwe limandisowetsa mtendere. Besi imachita zzzz nthawi zonse, ndipo ndikagwira nsambo silimachepa, pomwe pa besi yabwinobwino ukagwira nsambo limayenera kuchepa. Titachotsa buriji tinaona kawaya ka earth komwe kamayenera kukhudza chitsulo cha buriji katamira mu penti, sikamakhudza kanthu. Tinapala pansi pa buriji mpaka chitsulo kuwala, nkutambasula timawaya tija, nkumanganso. Kenako tinamata copper tape mmaenje onse a mapikapu ndi ma pot komanso kuseri kwa pulasitiki, nkulumikiza zonse ku earth, madala akuyeza ndi mita kuti paliponse pakugwirana. Phokoso lochokera ku mababu ndi ma charger a foni linachepa kwambiri. Koma ndisakunamizeni, hmmm ya pikapu ya J ikadalipo. Pikapu ya P ija a Fender anaigawa pawiri mu 1957 ncholinga choti mbali ziwirizo zizithetsana hmmm, pomwe ya J ili ndi koyilo imodzi yokha ndiye imatola 50 Hz ya magetsi athuwa, copper tape siingathetse zimenezo. Tikakhala pa jenereta zimanyanya, ndiye masiku amenewo J ndimangoitsekeratu nkuimba ndi P yokha, ndipo nyimbo zambiri za ku tchalitchi zimakwana ndi P yomweyo.

Pikapu ndinasintha mwezi wa 9, ya P yokha, ndinaika ya Wilkinson ya maginito a alnico mmalo mwa ya ceramic yomwe inabwera nayo. Kusintha kulipo, mawu a pakati anadzaza ndipo manoti a pansi amamveka padera osati kungogunda, koma sikwakukulu ngati mmene anthu amakokomezera pa YouTube, ndipo gawo lina ndinalipeza pongoikweza kuti ikhale pafupifupi 3 mm pansi pa nsambo nditadina fureti yomaliza. Ndikanakhala kuti ndinayambira pikapu osakonza neki ndi mawaya bwenzi nditangotaya ndalama. Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata akusunga ndalama miyezi yambiri kuti agule pikapu yodula ya Seymour Duncan pomwe besi yake nsambo zili mmwamba ndipo jaki ikugwedera.

Buriji sindinasinthe ndipo sindisintha, ndi kachitsulo kopinda wamba koma kakugwira ntchito, ndinangodontheza polishi ya zikhadabo pa tisikuluwu ta ma saddle chifukwa timatsika tokha. Ma tuner nawo ndi omwe aja, ya G imaterera pang'ono ndinangoimanga. Besiyi imalemerera kumutu ndiye ukaisiya imagwera kutsogolo, lamba wotambalala wachikopa anathandiza.

Chomwe chakanika ndi mafureti. Chitsulo chake nchofewa, pa fureti 3 ndi 5 pansi pa A ndi D payamba kale kukumbika pomwe ndimadina kwambiri, ndipo kuyambira 15 kupita mmwamba sali mulingo umodzi, 16 inatukuka pang'ono moti noti ya pa 15 pa nsambo ya G imafa msanga. Zimenezi zimafuna kupala mafureti onse kuti afanane nkuwazunguliranso pamwamba, ntchito yofuna zida zake ndi dzanja lozolowera, ndipo ine sindinaiyambe. Kumwambako sindipitako kawirikawiri ndiye ndikupirira, koma amene amakonda ma solo ndi slap iyi ingamukwiyitse tsiku lililonse.

Ndawerengera zonse zomwe ndaikamo, nsambo kawiri, jaki, ma pot, tepi, pikapu, lamba ndi ya madala aja, zafika pafupi ndi mtengo womwe besiyo inagulidwira. Mukaphatikiza ziwirizi mukuyandikira Yamaha TRBX174 yogwiritsidwapo kale ntchito, yomwenso ndi PJ yosafuna batire koma ya mafureti 24, mnzanga wa ku Kawale ali nayo ndipo neki yake inabwera yosalala kuchokera mu katoni. Squier Affinity nayo ndi yabwino kuyambira, Ibanez GSR200 ili ndi neki yoonda yabwino kwa a manja ang'ono, kungoti imafuna batire ya 9V ndiye muzikhala ndi ina mu chikwama. Ngati ndalama muli nazo pakamodzi gulani imodzi mwa zimenezi. Ine ndinalibe pakamodzi, ndimapeza pang'onopang'ono, ndipo njira iyi inandilola kuimba kuyambira sabata yoyamba uku ndikukonza. Dziwaninso kuti pogulitsa palibe adzakubwezereni ndalama za zomwe munaikamo, nchifukwa chake zakale zonse ndinasunga mu chitini, tsiku lomwe ndidzagule ina pikapu ndi jaki ndidzazichotsa.

Amene mukufuna kugula yotchipa ngati iyi, musatengeke ndi penti. Iyang'aneni neki kuchokera kumutu ngati mukuyeza thabwa, ikakhala yopotoka mbali imodzi isiyeni pomwepo, zimenezo truss rod siikonza. Pemphani Allen key muone ngati truss rod ikutembenuka mbali zonse ziwiri, ndipo dinani fureti iliyonse pa nsambo zonse zinayi ngakhale wogulitsa akhale akukuthamangitsani. Zina zonse zija, jaki, mawaya, phokoso, nsambo kukwera, zimakonzeka pa tebulo la kunyumba kapena kwa madala a pa msika.

Mwezi watha kunabwera mlendo woimba besi kuchokera ku mpingo wina wa ku Blantyre, anaipempha pa nyimbo ya chopereka, atamaliza anaitembenuza kuyang'ana kumutu kufuna dzina nkundifunsa kuti achimwene, iyi munaitenga kuti. Mnyamata mmodzi mwa aja anati ndi nkhuni pano ndi amene akuphunzirirapo Lachinayi lililonse, ndipo Loweruka likubwerali abweretsa besi ya msuweni wake kuti tiyeze neki limodzi, ndamuuza abwere ndi khadi la mayunitsi.