Cinsault wa ku Swartland ndi wokoma, koma mnyamata wa pa tilu uja anandinyoza

Ndiyambe ndi mnyamata wa pa tilu uja chifukwa mpaka lero mtima sunatsike. Loweruka ndinalowa mu shopu yawo ya mowa kuno ku Cape Town kufuna vinyo wofiira woti timwere nyama yootcha, alamu anga anali atabwera kuchokera ku Joni ndiye ndimafuna chinthu chooneka. Ine ndinazolowera Pinotage kapena Shiraz, zakuda bii zija. Mnyamatayo osandiyang'ana nkomwe, maso ali pa foni, anangoloza shelefu nkuti tengani Cinsault uyo ali pa sipesho. R170 ija ndinalipira ndithu.

Kufika kunyumba, kutsegula, kuthira mu tambula, abale inu mtundu wake! Wofiirira chabe, woti ukagwira tambula zala zako ukuziona bwinobwino kuseri. Alamu anangoti kodi alamu, sanakuthirireni madzi amenewa? Ndinapsa mtima, kutseka botolo, kusiya makala akuyaka, ulendo wa ku shopu konkuja. Mnyamata uja ataona botolo lotsegula anayamba kuseka pamaso pa makasitomala ena, amvekere anthu ena vinyo samudziwa, chotsegula sitibweza. Zimenezo nzomuuza munthu wamkulu amene wangokusiyira ndalama? Kungondifotokozera kukanamutengera chani?

Amene anandithandiza ndi mayi ena achikulire amene amalongedza katundu kumbuyo, anabwera okha nkundikokera pambali. Akuti bambo vinyoyu alibe vuto, Cinsault ndi mmene amakhalira, mphesa zake ndi zikuluzikulu za khungu lopyapyala, ndiye poti kufiira kwa vinyo kumachokera ku khungu mtundu sutuluka wambiri. Nditawauza kuti ine ndimamwa Pinotage anandiuza kuti Pinotage yoyo ndi mwana wa Cinsault, mu 1925 pulofesa Abraham Perold wa ku Stellenbosch anakwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi Cinsault, amene nthawi imeneyo kuno ankamutcha Hermitage, dzina la Pinotage linachokera pamenepo. Anandilangiza kuti ndikamuike mu filiji mphindi 30, asamwedwe wofunda.

Ndinabwerera ndikung'ung'udzabe koma ndinachita zomwezo, ndipo apa ndinene chilungamo, vinyoyu ndi wokoma kwabasi. Atangozizira pang'ono fungo linatuluka ngati masitiroberi aja amagulitsa anyamata m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba, ndi ka tsabola chapatali. Alibe kuja kouma m'kamwa ngati waluma nthochi yosapsa komwe Shiraz amachita, uyu amangotsetsereka. Pa botolo analemba kuti mphamvu ya mowa ndi 12.5% ndipo mutu sunalemere ngakhale dzuwa limaswa mtengo tsiku limenelo.

Ndi nkhuku yootcha komanso soseji ya boerewors zinagwirizana bwino kwambiri. Koma chimene chinandidabwitsa ndi nsomba ya snoek, tinaiotcha titaipaka jamu wa apricot mmene amachitira anthu akuno, ine ndimadziwa kuti nsomba imafuna vinyo woyera basi, koma uyu poti ndi wopepuka sanaiphe kukoma, alamu omwe aja amene amati muli madzi ndi amene amathiranso kachiwiri. Pa nyama ya ng'ombe yonona pokha ndi pamene anagonja, mafuta anamuphimba osamvekanso, pamenepo Shiraz akanachita bwino. Wotsala ndinamwera nsima ya nkhuku ya tomato mawa lake masana, zinayenda ndithu.

Vinyoyu amachokera ku Swartland, cha ku Malmesbury ndi Riebeek-Kasteel uko, ulendo wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono kumpoto kwa Cape Town. Amene munapitako mukudziwa mmene kumatenthera ndi kuuma, minda ya tirigu mbali zonse, mitengo yakale ya mphesa yongokhala ngati tizitsamba popanda mawaya, yambiri sathirira nkomwe. Mbewuyi inachokera kum'mwera kwa France ndipo imapirira chilala nchifukwa chake imachita bwino kumeneko.

Vinyo ndikumupatsa nyenyezi 4, imodzi ndachotsa chifukwa mtengo wakwererako kwa chinthu choti botolo limatha msanga chonchi. Shopuyo ikanatenga 1 pakanapanda mayi aja. Ndidzagulanso ndithu mwezi ukatha, koma ndikapeza mnyamata uja ali pa tilu ndidikira mayiwo kapena ndikagula kwina.