Centre for Computing History ku Cambridge: pitani ndi ana

Amene muli ku UK ndipo muli ndi ana okonda kutokosa foni, apititseni ku Centre for Computing History, nyumba yosungira ndi kuonetsa makompyuta akale, ku Cambridge. Nyumbayi ili pakati pa mashedi a makampani cha ku Coldhams Road, kunja kwake sikokopa n'komwe. Koma m'kati makompyuta ambiri ndi oyatsa, ndipo palibe wokuletsani kuwagwira.

Ine ndinakhalitsa m'chipinda chimene anachikonza ngati kalasi ya m'ma 1980, chodzaza ndi makompyuta otchedwa BBC Micro. Makinawa anatuluka mu 1981, opangidwa ndi Acorn Computers, kampani ya mu Cambridge momwemo imene Hermann Hauser ndi Chris Curry anayambitsa mu 1978. Ukawayatsa amalira kawiri, basi n'kukudikira kuti ulembe wekha zoti achite. Mwana wanga analemba mizere iwiri ya BASIC, chilankhulo cholamulira kompyuta, dzina lake n'kuyamba kutsika pasikirini osaleka. Anakuwa mpaka anthu kutembenuka.

Chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya chipi, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta. BBC Micro inkayendera chipi chotchedwa 6502 cha kampani ya MOS Technology. Acorn itafuna china chachangu, za pamsika sizinawagwire mtima, ndiye akatswiri ake Sophie Wilson ndi Steve Furber anadzipangira chawo, ARM, chimene chinayamba kugwira ntchito pa 26 April 1985. Ndalama zinali zochepa, choncho ankafuna chipi chosatentha kuti achikute ndi pulasitiki wotchipa. Chinatuluka chikudya magetsi pang'ono kwambiri kuposa mmene ankayembekezera, ndipo n'chifukwa chake pambuyo pake chinadzakwanira bwino m'mafoni. Mu 1990 ARM inakhala kampani payokha, Apple ndi VLSI Technology atalowamo. Acorn inatha, koma Tecno kapena itel imene mumatumizira abale kumudzi imayendera chipi cha mtundu womwewo.

Musatuluke osaona Megaprocessor ya James Newman, purosesa (imagwira ntchito ngati chipi) ya mamita 10 m'litali yodzaza timagetsi tothwanima, toonetsa mmene manambala akuyendera m'kati. Mwana wanga anafunsa mafunso ambiri pamenepo kuposa amene amafunsa akachoka kusukulu.

Kuli phokoso la magemu akale, makamaka Loweruka, ndiye ofuna kuwerenga zolembedwa pakhoma mofatsa alawire m'mawa. Onaninso kaye masiku otsegulira musananyamuke, chifukwa amasintha sukulu zikatsekera.