Ndinayezetsa machubu a nazale ku labotale ya mapulasitiki

Ndili ndi nazale ya makademiya kufupi ndi Bvumbwe. Mbande imakhala mu chubu kupitirira chaka, chifukwa timadikira ikule, tiimezanitse, igwire, ndiye ipite kumunda. Chaka chatha ndinagula mitolo ya machubu akuda kwa wogulitsa wina mu Limbe. Isanathe miyezi inayi, ukangoti unyamule mbande, chubu chinkang'ambika ngati tsamba louma la nthochi, dothi n'kukhuthukira pansi, mizu pambalambanda. Nditabwerera kukadandaula, bambowo anati vuto ndi dzuwa la Okutobala, osati katundu wawo.

Amene anandionetsa njira ndi mwana wa achemwali anga wophunzira sayansi. Anati, "Malume, pulasitiki imayezedwa ngati mmene amayezera dothi." Ndinatumiza zidutswa zitatu ku labotale ina: chubu chong'ambika, china cha mtolo womwewo chosagwiritsa ntchito, ndi chakale chimene chinandisungira mbande bwinobwino.

Poyamba anayeza ndi makina a FTIR. Amapanikiza kachidutswa pa kamwala kakang'ono n'kukawalitsira kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, ndipo mtundu uliwonse wa pulasitiki umameza kuwalako mwanjira yake, ngati chidindo cha chala. Pa chubu chong'ambika, mzere wa zotsatira unatulutsa nsonga pafupi ndi nambala 1715, imene imasonyeza kuti okosijeni walowa n'kudula timaunyolo ta pulasitikiyo. Chimene chinandiwawa n'chakuti kansonga komweko kanaonekanso pa chubu chimene sichinaoneko dzuwa la kunazale kwanga. Ndiye kuti ndinagula katundu wotopa kale.

Kuyeza kumene kunandigwira mtima ndi kwa DSC. Amadula kachidutswa kochepa kuposa njere ya mpunga, n'kukatsekera m'kambale ka aluminiyamu, kenako amakatenthetsa pang'onopang'ono, madigiri 10 pa mphindi, kuti aone pamene kasungunukire. Polyethylene, pulasitiki yofewa ya machubu, imasungunuka pa madigiri a m'ma 110. Chubu changa chakale chinasungunuka pamenepo basi. Chatsopanocho chinasungunuka kawiri, koyamba cha m'ma 110, kachiwiri cha m'ma 165, pomwe pamasungunukira polypropylene, pulasitiki ya matumba a chimanga ija. Ziwirizi sizigwirana bwino zikasakanizidwa, n'chifukwa chake chubu chimasweka msanga. Kusakanikirana kotere kumachitika kawirikawiri ndi pulasitiki yokonzedwanso; sindikuinyoza, tikuifuna ndithu, koma aziisankha asanaisungunule.

Pomaliza anawotcha kachidutswa pa sikelo ya TGA kupitirira madigiri 600. Panatsala ufa woyera wambiri, umene anati ndi calcium carbonate, wangati choko, wothiramo kuti katundu alemere motchipa. Carbon black, mwaye wakuda umene umateteza pulasitiki ku dzuwa, anaupeza wochepa kwambiri, pamene pulasitiki yokhala padzuwa imafuna wokwana magawo 2 mpaka 3 pa 100 alionse.

Zodandaula zilipo. Anandilonjeza masabata awiri, zotsatira zinabwera patatha mwezi, ine ndikuimba foni ndekha. Mtengo si wa masewera kwa mlimi wamng'ono. Lipoti linali la Chingerezi chokhachokha, mizere yokwera ndi kutsika, popanda ndime imodzi yonena kuti machubuwa ngabwino kapena ayi. Koma mayi amene anayeza anandiimbira, n'kundifotokozera tsamba ndi tsamba m'Chichewa, osatopa ndi mafunso anga. "Bambo, mwachita bwino kutumiza chakale chija, n'chimene tayerekezera," anatero. Pa chifukwa cha mayiwo ndikuipatsa labotaleyi nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Lipotilo ndinapita nalo ku Limbe. Bambo aja anawerenga, nkhani ya dzuwa sanaitchulenso, ndipo anandisinthira mitolo imene inali isanatsegulidwe. Mbande zimene zinafa sizinabwerere.

Anzanga a nazale za tiyi ndi mitengo ku Thyolo ndi ku Mulanje, mukafuna kuyezetsa, sonkhanani anthu angapo mugawane mtengo. Chidutswa chilichonse chikhale mu envulopu yakeyake, chochotsedwa dothi, ndipo mulembe pa envulopuyo tsiku limene munagula ndi miyezi imene chakhala padzuwa.