Chikwama chokwerera ndege ndi kagalu: patha chaka, zipi ndiye wandisowetsa mtendere

Achemwali ena a ku Manchester, omwe tinaphunzira limodzi unamwino kwathu, ananditumizira uthenga pa WhatsApp sabata yatha. Amafunsa ngati chikwama cha galu chomwe ndinachiyamikira chaka chatha chija chidakali moyo, poti nawo akufuna chonga chomwecho. Ndinawayankha kuti chilipo koma asathamangire kutulutsa ndalama. Zomwe ndinalemba poyamba paja ndinalemba chikwamacho chikadanunkhira kusitolo, ndiye lero ndinene zonse.

Ndimakhala kufupi ndi Frankfurt, ndipo ndili ndi kagalu ka mtundu wa Havanese, dzina lake Thobwa, kolemera makilogalamu 6.2. Mwana wanga ali ku Lisbon, ulendo wa maola atatu pa ndege, ndiye timapitako pafupipafupi. Abale kumudzi akamva kuti galu ali ndi pasipoti yake amaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo ndinasiya kuwafotokozera. Chomwe ndikudziwa ine n'chakuti kumusiya kumalo osungirako agalu kwa masabata awiri kumadya ndalama zambiri kuposa kupita naye.

Zabwino ndizitchule msanga. Neti ya m'mbali ndi yolimba, Thobwa waikanda koma sinang'ambike. Kansalu kapansi kamachoka n'kuchapika m'makina. Lamba wa paphewa sapweteka, ndipo kumbuyo kuli kothina koti mulowetse chogwirira cha sutikesi. Kathumba kam'mbali kamakwana pasipoti ya galu ndi matewera awiri. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Bodza loyamba linali pa chithunzi cha malonda. Analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti makampani onse a ndege amachilola. Palibe chikwama chotero, anzanga, kampani iliyonse ili ndi muyeso wake. Lufthansa imafuna chisapitirire masentimita 55 m'litali, 40 m'lifupi ndi 23 msinkhu. KLM imafuna 46, 28 ndi 24. Changa ndi 48, 29 ndi 26, kutanthauza kuti kwina chatalika, kwina chakwera. Ryanair ndi easyJet ndiye salola n'komwe ziweto, kupatula agalu othandiza anthu olumala. Chimene chimandipulumutsa n'chakuti chikwamachi n'chofewa, ukachikanikiza chimalowa pansi pa mpando wakutsogolo. Kukanikiza komweko ndiye kunabala vuto lomwe ndikudza nalo.

Kulemera nakonso ananama. Pa malonda analemba kilogalamu 1.1, sikelo yanga ya kukhitchini ikuti 1.5. Kusiyanako kumaoneka kochepa kwa munthu amene sanaimepo pa kauntala, koma makampani ambiri kuno amalola makilogalamu 8 okha, galu ndi chikwama chake pamodzi. Mukaikamo thewera ndi kabulangete, ife timafika 7.9. Moti ulendo ukayandikira Thobwa amasiya kulandira tizakudya ta m'manja, ndipo amandiyang'ana ngati ndamulanda munda.

Tsopano nkhani ya zipi. Chikwamachi chili ndi timitu tiwiri ta zipi tomwe timakumana pamwamba. Sipanapite nthawi Thobwa anatulukira kuti akakankha ndi mphuno pokumanirapo, timituto timatseguka. Ndinagula kachitsulo kokolowekera timitu tiwiriti pamodzi, nkhani ndinkayesa yatha. Koma pakona yakumanja, pomwe waya wa m'kati amapindika chikwama chikakanikizidwa, mano a zipi anayamba kulekana okha kumbuyo kwa kamutu. Ukabweza kamutu n'kutsekanso bwinobwino, zimagwira. Ukachilowetsa pansi pa mpando, pakapita kanthawi pakona paja payasama.

Tsiku lomwe sindidzaiwala tinali tikutsikira ku Lisbon, nyali ya malamba itayaka kale, ogwira ntchito mundege atakhala pansi. Ndinangomva kamphuno kozizira pa kakolo. Kuyang'ana pansi, mutu wonse uli panja ndi mwendo umodzi wakutsogolo, kakulimbana kutulutsa winawo. Lamulo ndi lakuti galu asatuluke m'chikwama ulendo wonse, ndipo si lamulo lachabe: ena amadwala ndi ubweya, ena amaopa agalu, komanso kagalu kothamanga pakati pa mipando ndege ikutera kangavulale. Kumasula lamba sindikanatha. Ndinawerama mpaka chipumi kugunda mpando wakutsogolo, dzanja limodzi pa chifuwa cha Thobwa, lina likuyesa kugwirizanitsa zipi yomwe sikumva. Bambo amene anakhala pambali panga, yemwe ulendo wonse sanayankhule, anavula jekete lake n'kuphimba chikwamacho kuti kukhale mdima, kagalu kanadekha. Tinatera ndili chiweramire choncho. Potuluka, mayi wina wogwira ntchito mundegemo anandiuza mwaulemu kuti pobwerera akachiona chikwamacho chili momwemo sadzatilola kukwera. Sanalakwe. Pobwerera pakona paja ndinapasoka ndi ulusi wokhuthala, Thobwa n'kumalowera khomo lakutsogolo lokha.

Nditafika kunyumba ndinalembera wogulitsa, sitolo ya pa intaneti, ndi zithunzi zomwe. Yankho linabwera lakuti zikuoneka kuti galu anatafuna zipi, choncho si vuto lawo, koma mwa chisomo chawo andichotsera 15 peresenti ndikagula china. Galu atafune bwanji zipi ya kunja iye ali m'kati? Mwayi wanga chaka chinali chisanathe. Kuno ku Germany katundu watsopano ali ndi chitetezo cha lamulo cha zaka ziwiri, ndipo kuyambira mu 2022, vuto likaoneka m'miyezi 12 yoyamba lamulo limatenga kuti katunduyo anabwera nalo, wogulitsa ndiye asonyeze umboni kuti si choncho. Kale inali miyezi 6 yokha. Nditawalembera zimenezi mawu anasintha tsiku lomwelo, chikwama chatsopano chinafika sabata isanathe. Pamenepo mtima unatsika, ndinatsala pang'ono kulemba zowayamikira.

Chatsopanocho chinayamba kuyasama pakona yomweyo chisanaone nyengo yozizira. Apa m'pomwe ndinazindikira kuti vuto si chikwama chimodzi choipa, ndi kasokedwe kake. Anapanga chikwama cha msinkhu wa masentimita 26 n'kumachigulitsa kwa anthu oti akachipanikize pa malo a 23, zipi yake ndi yopyapyala ya pa kachikwama ka m'manja. Ndinalembanso. Ulendo uno anayamba kundizungulitsa: tumizani kanema, tumizani nambala ya oda, amene amaona nkhaniyi ali pa tchuthi. Munthu wogwira ntchito usiku kuchipatala nthawi ya zimenezo ndiipeza kuti? Ndinatenga chikwamacho n'kupita nacho kwa telala wa pafupi ndi siteshoni ya sitima. Anaika zipi yokhuthala yokhala ndi timitu tokhoma, analimbitsa kona ija ndi kachikopa, n'kunditchaja ma euro 25. Ntchito yomwe telala wa pakhonde ku Limbe akanaichita ndili chiimire, kuno ndinadikira sabata. Koma kuyambira pamenepo sichinatsegukenso, ngakhale kuti zipi yatsopanoyo yawonjezera kulemera pang'ono ndipo kabulangete kaja tsopano kamatsala.

Achemwali a ku Manchester, inu vuto lanu si zipi. Britain salola galu kulowa m'dziko ali m'kati mwa ndege pamodzi ndi mwini wake, kupatula wothandiza wolumala. Ena onse amalowa ngati katundu wa kago. Makampani ena angakutulutseni naye pansi pa mpando, koma pobwerera chikwama chofewachi sichikuthandizani. Ambiri amabwerera pa galimoto kudzera pa sitima ya panjanji yodutsa mumphanga ya pansi pa nyanja, ya pakati pa Calais ku France ndi Folkestone ku Britain, ya mphindi 35, galuyo atamwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba ndi dotolo wa ziweto pakati pa maola 24 ndi 120 asanalowe. Werengerani zimenezo musanagule. Ife a mbali ino zathu n'zopepukirapo: microchip (kachipangizo kozindikiritsa galu koikidwa pansi pa khungu), katemera wa chiwewe yemwe woyamba amafuna masiku 21 kuti ayambe kuwerengedwa, ndi pasipoti ya buluu ija. Malo a galu mundege muzisungitsa masiku angapo ulendo usanafike chifukwa amalola ziweto zochepa pa ndege imodzi, ndipo pa chipata cha chitetezo galu mumamunyamula m'manja, chikwama chokha ndicho chimadutsa m'makina. Zopita naye ku Malawi ndinazisiya. Pobwerera ku Ulaya pamafunika umboni wa kuyezedwa magazi wosonyeza kuti katemera wa chiwewe anagwira, ndipo ngati simunayezetse musananyamuke, galu amadikira miyezi itatu.

Ndiye chikwamachi ndichipatse nyenyezi zingati? Sabata ya ku Lisbon ija ndikanachipatsa imodzi. Lero, chili ndi zipi ya telala, Thobwa amalowamo yekha n'kugona ngakhale tili pabalaza, ndipo ndikachiona choncho ndimafewa mtima. Koma tiwerenge. Ndinagula ma euro 65, kuwonjezera 25 ya telala, yakwana 90. Mtengo umenewu ndi wa chikwama china chomwe ndinachisiya tsiku logula lija poti n'chodula, cha msinkhu wa masentimita 23 enieni. Komanso ulendo uliwonse, kupita kokha, malo a galu ndimalipira ndalama zoyandikira mtengo wa chikwama chonsecho, ndiye kupulumutsa 25 pa chinthu chomwe chingakukanizitseni kukwera sikupindula kanthu.

Lisiti la telala ndinawatumizira ogulitsa aja mwezi watha. Ayankha kuti kampani yawo silipira ntchito ya munthu wina, koma andipatsa 15 peresenti ndikagula china. Nyenyezi ziwiri, ndipo imodzi mwa izo ndi ya neti.