Kampani yaikulu ya alangizi kapena yaing'ono: munthu asankhe iti?

Wachinyamata amene akufuna ntchito yolangiza mabizinesi amayamba waganizira mayina otchuka: McKinsey, yomwe inayamba ku Chicago mu 1926, Boston Consulting Group ya mu 1963, Bain ya mu 1973, komanso Deloitte, PwC, EY ndi KPMG, omwe mbiri yawo inachokera ku ntchito younika mabuku a zachuma. Pambali pa amenewa pali makampani ang'onoang'ono, ena a anthu osapitirira 20, amene amasumika pa gawo limodzi monga zaumoyo kapena zamagetsi. Pa nkhani ya malipiro, akuluakuluwa nthawi zambiri amaposa, koma kwa ine kusiyana kwenikweni kuli pa zimene ntchitoyo imamusandutsa munthu.

Kampani yaikulu imaphunzitsa mwachangu kwambiri. M'zaka ziwiri zokha, mlangizi watsopano angathe kugwira ntchito ndi banki, fakitale ndi unduna wa boma, chifukwa ntchito iliyonse imatenga masabata kapena miyezi yochepa, ikatha amamutumiza kwa kasitomala wina. Amaphunzira kuphwanya vuto lalikulu m'tizigawo, kusanthula manambala ndi kuyankhula mosajejema pamaso pa mabwana. Dzina la kampaniyo limamutsegulira makomo ngakhale atachoka. Sundar Pichai, mkulu wa Google, anagwirapo ntchito ku McKinsey.

Koma maphunzirowa amagulidwa ndi thukuta, ndipo apa m'pamene ambiri saganizira mokwanira. Chimene kampani yotere imagulitsa ndi nthawi ya antchito ake, choncho m'makampani ambiri munthu amayesedwanso ndi kuchuluka kwa maola amene kasitomala walipira. Kuweruka usiku kumasanduka chizolowezi, ndipo kasitomala akakhala kutali, mlangizi amagona kuhotela masiku angapo pa sabata, banja likumudikira kunyumba. Palinso dongosolo lodziwika bwino loti wosakwezedwa pa nthawi yake afune kwina, popeza mipando ya pamwamba ndi yochepa pomwe olowa pansi ndi ambiri. Chimene chimandidetsa nkhawa koposa n'chakuti mlangizi kawirikawiri amapereka lipoti n'kupita, osaona ngati malangizo ake anabala zipatso, ndipo munthu angathe kukhwima pa luso lolangiza asanasenzepo zotsatira za chimene analangiza.

Ku kampani yaing'ono zinthu zimakhala zina. Wantchito watsopano amakhala pafupi ndi mwini wake, amakumana ndi kasitomala msanga, ndipo popeza makasitomala amakhala omwewo kwa zaka, amabwerera kukaona zimene zinatheka ndi zimene zinakanika. Zofooka zake n'zoonekeratu: maphunziro alibe ndondomeko, dzina lake silidziwika kutali, ndipo kasitomala mmodzi wamkulu akachoka, malipiro a onse amagwedezeka. Komabe tisanamizane kuti ukulu ndi chitetezo, pakuti Arthur Andersen, yomwe inali pakati pa makampani asanu akuluakulu ounika mabuku a zachuma, inagwa mu 2002 chifukwa cha nkhani ya Enron, kasitomala wake amene ankachita chinyengo m'mabuku a zachuma, ndipo anthu masauzande ambiri anasowa pogwira.

Amene sanadziwe gawo limene amalikonda, ndipo alibe udindo waukulu pakhomo, ndingamulangize kulowa kampani yaikulu kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ataikiratu nthawi yochokera. Amene gawo lake akulidziwa kale, ndipo akufuna kutchedwa katswiri wa gawolo, apite ku yaing'ono, koma asanasaine afunse kuti ndalama za kampaniyo zimachokera kwa makasitomala angati.