Mmisiri amene anandilumikizira mabuleki amagetsi a ngolo pa njinga yamoto

Njinga yanga ndi Honda Gold Wing GL1800, ya masilinda 6, yolemera makilogalamu pafupifupi 400 isanakwere munthu. Kumbuyo ndimakoka ngolo ya matayala awiri, yomwe ikadzaza tenti, zofunda ndi zitsulo imafika makilogalamu 200. Pamsewu wathyathyathya simumva n'komwe kuti ilipo. Koma pamtsetse, mukagwira buleki, ngoloyo imakukankhani kumsana, ndipo pakona imafuna kusuntha tayala lakumbuyo. Tsiku lina kutagwa mvula, ndili pamtsetse wina, ndinamva tayalalo likutsetsereka pang'ono, mtima unangoti myu. Sabata yomweyo ndinapita kwa mmisiri wa zamagetsi a galimoto.

Chimene chinayamba kundikopa kwa bambowa ndi chakuti sanathamangire kudula mawaya. Anandikumbutsa kaye kuti buku la Honda limanena kuti njingayi sanaipangire kukoka ngolo, choncho udindo ndi wanga. Kenako anatsegula dilamu la tayala la ngolo n'kundionetsa maginito ake. Magetsi akalowa, maginitowo amamata kudilamu lomwe likuzungulira, n'kukoka kachitsulo kamene kamatambasula mabuleki. Tayala lililonse limadya pafupifupi ma amp 3. Anati, "Achimwene, magetsi amenewa sitingawabe pa waya wa nyale. Achokere kubatire."

Anachitadi zomwezo. Kamakina kolamulira mabuleki ndinabwera nako ndekha, Tekonsha Prodigy P2, kamene kamamva mmene njinga ikuchepetsera liwiro n'kupereka mphamvu yofanana ndi mmene mwagwirira. Kali ndi mawaya anayi. Wakuda anaupititsa kubatire kudzera pa circuit breaker (swichi yodula magetsi akachuluka) ya ma amp 20 yodzibwezeretsa yokha, osati fyuzi, chifukwa fyuzi ikapsa muli pamtsetse ndiye kuti ngolo yatsala yopanda mabuleki. Woyera anaubweza kubatire komweko, ndipo wabuluu anauyendetsa pansi pa chishalo mpaka papulagi yakumbuyo. Polumikiza paliponse anawotcherera ndi mtovu n'kuvekapo kachubu kofinyika ndi moto, osati kungopota mawaya n'kukulunga tepi monga ndazolowera kuona. Nyale za ngolo anazipatsa marile (maswichi oyendetsedwa ndi magetsi) akeake kuti shoti ikachitika kungoloko isazimitse nyale za njinga. Kamakinako, poti anakapangira m'kati mwa galimoto momwe simufika mvula, anakamangirira m'bokosi lakumbuyo, kataloza kumene njinga ikupita. Ntchito yaukhondo, mpaka lero ndikatsegula chishalo ndimasangalala kuiona.

Vuto linali pa waya wofiira, umene umauza kamakinako kuti mwagwira buleki. Njinga ili ndi nyale ya buleki payokha ndi maindiketa paokha, pamene ngolo yanga imagwiritsa ntchito babu limodzi pa zonse ziwiri, waya wachikasu kumanzere, wobiriwira kumanja. Pakati pake pamakhala kabokosi kophatikiza. Bambowa, mwina chifukwa dzuwa linali litapendeka, anagwiritsa waya wofiira pa waya wachikasu, umene umachoka m'kabokosiko kupita kungolo. Titayesa njinga itaima zonse zinaoneka bwino: ndikagwira buleki maginito ankalira, pagalasi la kamakinako pankaoneka manambala. Ndinanyamuka.

Pamphambano yoyamba yokhotera kumanzere ndinayatsa indiketa nditasiya mafuta, ndipo ngolo inayamba kugwira, kusiya, kugwira, kusiya, motsatira kuphethira kwa nyale. Pagalimoto mukanangodabwa. Panjinga yopendekeka pakona, kukokedwa mbuyo mwadzidzidzi chonchi kungakugwetseni. Ndinaima pambali miyendo ikunjenjemera, ndinazula pulagi, n'kubwerera pang'onopang'ono.

Apa mpamene ndinawalemekeza bambowa. Sanatsutse, sanati mwina ngolo yanu ndi imene ili ndi vuto. Anayatsa indiketa, anaika khutu patayala, anamva maginito akuti tike tike, n'kunena kuti, "Ndalakwitsa ndine, pepani achimwene." Anasamutsa wayayo n'kuuika pa waya wa buleki wa njinga, kabokosi kasanafike, n'kuonetsetsa kuti ukulandira magetsi kaya ndagwira buleki yakumanja kaya ndaponda yakuphazi. Komabe sindibisa: cholakwa chimenechi chikanaoneka akanayesa maindiketa ngolo italumikizidwa, zomwe sizitenga mphindi ziwiri. Mukapita kwa mmisiri aliyense, musachoke musanayatse indiketa mbali zonse ziwiri khutu lili patayala.

Kuchuna mphamvu tinachitira limodzi pamsewu wouma. Malangizo a kamakinako amati muyambire pa 6.0, muyende makilomita 40 pa ola, ndipo muzikweza mpaka matayala a ngolo atatsala pang'ono kuuma (kusiya kuzungulira). Kangolo kanga kopepuka kanauma matayala pa 6.0 pomwepo, choncho tinatsitsa mpaka cha pa 3. Ngolo ikakhala yopanda katundu ndimatsitsanso, ndipo batani la boost, lowonjezera mphamvu ya mabuleki, sindilikhudza. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti kamakinako kali m'bokosi, moti sindingakafikire ndikuyenda. Ndimayenera kukumbukira kuchuna ndisananyamuke, n'kuona ngati chilembo c chikuwala posonyeza kuti ngolo yalumikizika.

Anandiikiranso swichi yokoka ndi chingwe ndi kabatire kakang'ono pangolopo, kuti ikamasuka panjinga mabuleki agwire okha. Sindinapemphe, anachita kundikakamiza, ndipo anachita bwino.

Papita miyezi isanu. Pamtsetse womwe unandiopsa uja tsopano ndimatsika ngolo ili phee kumbuyo, ndipo ndikagwira buleki ndimamva ikundikoka pang'ono m'malo mondikankha. Mnzanga amene wagula ngolo mwezi watha ndamulondolera kwa bambo omwewo, ndipo ndamuuza kuti za waya wofiira azifunse pamaso pawo.